Chitenje Chachitatu

Mayi Bernadetta Zikhale sanafune mkamwini wolakatula ndakatulo. Ananena poyera, mzere wonse wa ogulitsa zitenje mumsika wa ku Old Town ukumva, kuti mwana wawo Hellen sanamuphunzitse kuti akakwatiwe ndi munthu wogulitsa malovu. Mwamuna azigwira chinthu chooneka, choti ukachinyamula chilemere. Nanga mawu? Mawu ungathire mchere?

Koma Levison anawagonjetsa, ndipo anawagonjetsa iye asakudziwa. Bambo ake a Hellen atamwalira, Mayi Zikhale anagona choyang'ana kukhoma m'nyumba mwawo ku Kawale, osadya, osasamba, benchi yawo kumsika n'kumachita fumbi. Ansembe anabwera. Amayi a kumphakati anabwera, anaimba mpaka mawu kusasa. Iwo duu. Tsiku lina Hellen anangoika foni pamtsamiro n'kutuluka. M'fonimo munali mawu a mwamuna, osafuula, osalalikira:

Usafe lero, mayi.
Zovala zako zili pachingwe, kumwamba kwada.
Nyemba unanyika zija zafufuma, aphike ndani?
Imfa si minibasi yoti ikusiya,
idzakudikira ngakhale uchedwe.
Kaanule zovala kaye.

Anadzuka ndi mkwiyo. "Ndani ameneyu wondiuza zochita m'nyumba mwanga?" Koma anadzuka. Anatuluka panja, anapeza zovala zilidi pachingwe, anaanula, ndipo m'mawa mwake anali kumsika akukangana ndi ogula. Pambuyo pake ndi pamene anamva kuti mawuwo ndi a mnyamata yemwe uja ankamubwezera pageti. Sanapepese. Anangouza Hellen kuti, "Abwere ndi ankhoswe ake. Koma asaganize kuti ndamukonda."

*

Tsopano chinkhoswe chinali pafupi. Makadi anali atagawidwa, holo itapezeka, msoti wopereka kuchimuna ukunenepa m'khola. Madzulo ena Hellen anatsika minibasi yochokera ku City Centre, kumene amagwira ntchito, n'kudzakhala pampukutu wa nsalu kuseri kwa benchi ya amayi ake. Nsapato anavula, koma tsinya sanavule.

"Wabwera wekha? Nanga mwini malaya ali kuti? Telala akudikira muyezo."

"Wapita ku Area 15."

"Kwa mayi uja?"

"Eya. Anaimba tili pasiteji. Akuti lero ndi tsiku limene mwana wake anabadwa, ndiye sakuona chifukwa chofikira mawa."

"Chifukwa chofikira mawacho chimakhala m'thumba mwa Levison?"

Mayi ujayo anali Lizzie Msowoya, wa ku Rumphi, bwana ndithu ku Capital Hill, wa galimoto yake ndi nyumba ya mpanda. Mwana wake mmodzi yekhayo, dzina lake Mwawi, anafa pangozi ya pamsewu, ndipo mwamuna wake sanachedwe kunyamula zikwama. Lizzie anamva Levison akulakatula pamaliro a mnzake wa kuntchito, n'kupempha nambala kuti athokoze. Kuthokozako sikunathe. Ankaimba m'mawa, ankaimba masana. Anaimba ngakhale tsiku limene ankhoswe anakhala pansi koyamba, Levison n'kudzuka nkhani ili pakati, kusiya a Japhet, amalume ake a Hellen, kukamwa kuli yasa.

"Iwe, ndiuze zoona. Akugona naye?"

"Ayi, amayi."

"Wadziwa bwanji? Uli ndi kiyi wa kuchipinda kwa mayiyo?"

"Ndikudziwa basi. Ndipo n'zimene zikundipweteka. Akanakhala kuti akugona naye bwenzi nditamutukwana, n'kulira, n'kuiwala. Koma munthu woti wapita kukapulumutsa moyo ndimukalipire kuti chiyani? Ndikadandaula, woipa ndine."

Foni ya Hellen inalira. Anawerenga mokweza, ngati akuwerenga chilengezo cha kutchalitchi: "Pepa wokondedwa. Wamwa phala, mtima wakhala pansi. Mawa ndibwera ndithu. Zikomo pondimvetsa."

"Ndiye wamumvetsa?"

"Ndimamumvetsa tsiku lililonse, amayi. Ndine katswiri." Anaseka kuseka kwa m'mphuno. "Kuti Levi athamange, uyenera kukhala ukufa. Ine ndimadya, ndimagona, ndimapita kuntchito. Ndiye ine ndi wodikira."

Mayi Zikhale anapindanso chitenje chimene chinali chopinda kale. Iwo kudikira sankakudziwa. Wogula akayamba kuzungulirazungulira ndi nsalu, ankamulanda m'manja n'kuitana wina.

*

Masana Levison ankalemba zikwangwani za masitolo ndi mayina a maminibasi pakhonde lina pafupi ndi mlatho. Pamwambo, mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, koma mwambo umenewo Mayi Zikhale anausiya kwawo ku Mitundu tsiku limene anakwera basi. Anafika n'kuima pakati pa Levison ndi chikwangwani chake.

Iye anaika burashi pansi, anagwada mwaulemu. "Amayi, mwatiyendera."

"Dzukani, mudetsa buluku. Ana amati kubuloka. Muibuloke nambala ya mayi uja."

"Amayi, munthu uja ali pakamwa pa dzenje. Ndikatseka foni n'kumva kuti wapita, ndidzakhala bwanji ndi moyo wanga?"

"Munthu uja akufunika adokotala ndi abale ake. Ku Rumphi kunatha anthu?"

"Ndinamuuza za adokotala. Akuti amangomufunsa mafunso."

"Inu simufunsa mafunso, mumangothira shuga. Munamuuza kuti mukukwatira?"

"Akudziwa."

"Sindinafunse ngati akudziwa. Ndafunsa ngati inuyo, ndi pakamwa panu pokomapo, munamuuza kuti mkazi wanu si iye."

Levison anayang'ana zala zake za penti. Anali mnyamata wamaso ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunkawatopetsa. Munthu waukali umakangana naye n'kutha. Wofatsa umangomenya pilo.

"Mawu otero akhoza kumupha," anatero motsitsa.

"Nanga kusanena kwanuko kukupha ndani? Mwana wanga akuonda, diresi la chinkhoswe taphungula kale m'chiuno. Inu simunaone, chifukwa iye salira pafoni."

"Hellen ndi wolimba mtima, amayi. Ndi chifukwa chake ndimamukonda."

"Wolimba mtima ndi chitsulo? Mverani. Pakamwa panu panandidzutsa ine, sindikana. Pamadziwa kuuza anthu kuti khalani. Koma pakamwa posadziwa kunena kuti ayi si pa mwamuna wapabanja."

Foni inanjenjemera m'thumba la ovolosi yake. Onse awiri anaimva. Levison sanaitulutse, koma dzanja lake linapita lokha n'kukagwira thumbalo, ngati mayi womva khanda likulira kuchipinda. Mayi Zikhale anaona dzanjalo, anamanga chitenje chawo bwino, n'kunyamuka osatsanzika. Apa panalibe msika. Mwini katundu sankadziwa mtengo wa katundu wake.

*

Ku Area 15 misewu ndi ya zii, agalu okha ndi amene amakupatsa moni. Mayi Zikhale anatsika minibasi pamsewu waukulu, anayenda pansi dzuwa likuswa mtengo, akutukwana mipanda yofanana. Mlonda anafuna kuwafunsa zambiri pageti. Anamuuza kuti akauze adona ake kuti kwabwera apongozi ake a Levison, ndipo geti linatseguka msanga.

Ankayembekeza mkazi wa milomo yofiira ndi zikhadabo zazitali. Anapeza mayi wowonda, wa magalasi, malaya akulendewera m'mapewa. Pakhoma panali zithunzi za mnyamata mmodzi yemweyo: ali khanda, ali mu yunifolomu, atanyamula mpira. Zimenezo zinawakwiyitsa kwambiri, chifukwa anabwera ndi mawu okonzera mkazi wa mtundu wina.

"Yewo, mama, mwabwera. Akuphikireni tiyi?"

"Tiyi ndamwa kwathu. Ndabwera kudzafunsa kuti mwamuna wa mwana wanga mumusiya liti."

Lizzie anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Sanakhale mwamuna wake."

"Loweruka lino akhala."

"Mama, simukundidziwa. Ine ndinali nditatha. Ndinali nditagawa kale zovala zanga. Munthu uja anandibweza ndi mawu okha. Munthu sangalankhule choncho kwa mkazi amene samukonda. Mwina iye mwini sanadziwebe."

"Analankhula choncho kwa ine. Ndiye akwatire ine?"

"Ndakatulo ya zovala pachingwe ija ndi ya aliyense. Ili m'mafoni a dziko lonse. Koma pali mawu amene amanena kwa ine ndekha, pampando mwakhalapowo."

Mayi Zikhale anasuntha pampandopo ngati pali nyerere.

"Anakuuzanipo kuti amakukondani?"

"Anakuuzanipo inu kuti sandikonda?"

Apa anadziwa kuti akumana ndi mnzawo. Mayiyu anali wophunzira, koma msika ankaudziwa: sankatsitsa, sankakweza, ankangogwira nsalu. Ndipo anthu awiri akagwira chitenje chimodzi pabenchi, sukoka, ungang'ambe. Umafunsa mwini benchi kuti wagulitsa kwa ndani. Maganizo anawafikira pomwepo, athunthu, ndipo anawakomera chifukwa anali achidule.

"Kwanu mumalowola ndi ng'ombe. Chinkhoswe chathu cha Achewa munachionapo?"

"Ndakhala mu Lilongwe zaka zambiri, mama."

"Ndiye mukudziwa. Timafunditsa akazi zitenje, kumutu mpaka kumapazi, n'kumabwera nawo mmodzimmodzi. Akamuvundukula, mwamuna amanena yekha pamaso pa anthu: si uyu, si uyu, mpaka afike wake. Ife tifunditsa atatu. Hellen ndi wachitatu. Inu mudzakhale wachiwiri."

Lizzie anavulanso magalasi.

"Akadzati ndi inu, mumutenge, ndi tambala yemwe. Sindidzalankhula kanthu. Akadzati si uyu, mudzafufute nambala yake ine ndikuona, mupite kwa adokotala ndi kwa abale anu, mwana wanga apume."

"Mukufuna kundichititsa manyazi pagulu."

"Ndikufuna mumve ndi makutu anu. Kuseri sanena. Pagulu alibe kothawira."

"Hellen akudziwa zimenezi?"

"Hellen ndi mwana. Msika ndapanga ine."

Lizzie anatembenukira kuchithunzi cha mnyamata wa mpira uja, ngati akufunsa maganizo ake. Kenako anati, "Ndibwera. Chitenje ndigule changa?"

"Ndikupatsani ine. Chabwino, osati cha m'kaunjika."

Potuluka pageti Mayi Zikhale anamva kachinthu kakuwakanda mumtima. Zaka zawo zonse za pamsika zinawaphunzitsa kuti wogula akavomera msanga, pali chimene iwe wogulitsa sunaone. Koma dzuwa linali likuwotcha, minibasi inali kutali, ndipo iwo sanali munthu wobwerera pa mawu.

*

Wofunditsa akazi anali Esnati, mng'ono wawo. Mayi Zikhale anamuuza za Lizzie Loweruka m'mawa, ali kuseri kwa nyumba, Hellen akuyanika zovala zimene anachapa kuti adzapite nazo kubanja.

"Achemwali, mwapenga?" Esnati ananong'ona. "Masewera aja timaikamo ana a m'banja ndi agogo kuti anthu aseke. Simuikamo munthu woti mtima wake uli pomwepo."

"Mawu a Levison ndi awiri okha. Si uyu. Mwana wa mkaka akhoza kunena."

"Nanga akakanika?"

"Akanika bwanji, abale ake ali pompo, ankhoswe ali pompo? Iwe funditsa anthu. Kuganiza ndisiyire ine."

Esnati anayang'ana Hellen, amene anali akukung'untha siketi, akuimba pang'onopang'ono koyamba m'masabata ambiri. Kumwamba kunali mitambo yoyamba ya Novembala, yolemera koma yosasankha tsiku.

"Ndimuuze?"

"Ukamuuza ndikumwetsa madzi a sopowo."

*

Holo inadzaza. Akuchimuna anakhala uku, akuchikazi uko, onse m'zitenje zofanana zochokera pabenchi ya Mayi Zikhale. Tambala anali m'manja mwa nkhoswe ya kuchimuna, msoti m'manja mwa a Japhet. Nyimbo zinagunda, anthu anavina, anafupa, anavinanso. Levison anaima kutsogolo m'malaya amene telala anasoka mongoyerekeza, mapewa akulendewera pang'ono.

Woyendetsa mwambo anali mnyamata wa nthabwala, wa suti yonyezimira. "Tsopano tione ngati bamboyu akumudziwadi mkazi wake, kapena amangomudziwa pafoni. Amayi, tibweretsereni katundu woyamba."

Esnati analowa akutsogolera munthu wofunda kumutu mpaka kumapazi, akuyenda monyang'wa. A Japhet anavundukula. Anali azakhali ena a ku Mitundu, opanda mano akutsogolo, akuphethira maso mwachikondi. Holo inagwa ndi phwete.

"Bwanji bambo, ndi amenewa?"

"Si awa," anatero Levison akuseka. "Awa ndi a mawa."

Mayi Zikhale anagwedeza mutu. Mwaona? Pakamwa pamatha.

Wachiwiri analowa mosanyang'wa. Ankayenda ngati munthu woponda pamiyala ya mumtsinje. Chitenje chinali chobiriwira, cha maluwa agolide, chabwino ndithu monga analonjezera. A Japhet, amene sankadziwa kanthu, anavina pang'ono n'kuchikoka.

Lizzie anaima pamenepo wopanda magalasi, nkhope ili gwa, maso ali pa Levison yekha.

Anthu anayamba kuseka mwachizolowezi, kenako kusekako kunazima mzere ndi mzere, chifukwa mkwati sankaseka.

"Aaa, bambo, mwakodwa?" anatero woyendetsa mwambo. "Katunduyu ndi wa ku Area, ndikuona. Koma yankhani. Ndi uyu?" Anamuikira maiki pakamwa.

Levison anameza malovu. Zokuzira mawu zinatulutsa kumezako holo yonse.

"Nenani," anatero Lizzie chapansipansi, koma maiki inatola. "Chilichonse chimene munene, ndichita nacho chimene ndikudziwa."

Mayi Zikhale anawongoka pampando. Zimenezo sizinali mumsika umene anapangana.

Levison analanda maiki. Anatseka maso kanthawi, ndipo atawatsegula anali munthu uja wa m'foni ya pamtsamiro.

"Chemwali," anatero, "mwalowa muno mutafunda ngati maliro, koma taonani, akuvundukulani ndipo mukupuma. Mwawi anapita. Anzake a mpira akula, amuiwala. Aphunzitsi ake ali ndi ana ena. Padziko lonse lino dzina lake latsala pakamwa pamodzi, panu. Inu mukapita, adzamutchula ndani m'mawa? Ndani adzakumbuke kuti sankadya therere, kuti ankaopa agalu koma ankanamizira kulimba mtima? Musamuphe kachiwiri. Khalani. Khalani kuti mwana uja akhale ndi kokhala."

Kenako mayi wina kumbuyo analira mokweza, mayi amene mwina anaika wake. Wina anaimba nthungululu. Anthu anadzuka n'kuyamba kufupa, akupukuta misozi, poganiza kuti zonsezi zinakonzedwa, kuti mkwati waika ndakatulo pachinkhoswe chake. Bambo wina wa kuchimuna anakumbatira mkazi wake pagulu. Lizzie anagwira mkono wa malaya a Levison ndi manja onse awiri, akulira kulira kwa munthu amene wabwerera kutali.

Anali mawu abwino. Mayi Zikhale anawamva mpaka m'mafupa, ndipo anadana nawo chifukwa cha ubwino wakewo. Anadzuka, anadutsa pakati pa ofupa, n'kuima pamaso pa mkamwini.

"Bambo, funso linali limodzi. Ndi uyu, kapena si uyu?"

"Amayi, osati pano."

"Pano pomwe. Tinabwerera zimenezo."

Levison anayang'ana manja amene anagwira malaya ake. Anayang'ana apongozi ake. Munthu amene akanatha kulankhula mpaka mwala kudzuka anakanika timawu tiwiri timene azakhali opanda mano anauzidwa mosavuta.

A Japhet anaona kuti zinthu zapita kwina. Anakodola woimba nyimbo kuti akweze, n'kufuula kuti, "Wachitatu abwere. Esnati, fulumira."

Esnati anapita kukhonde la kuseri kumene ofunda ankadikirira, pansi penipeni pa chokuzira mawu. Anachedwa. Nyimbo inatha, inayambanso. Atabwera, anabwera yekha, atanyamula chitenje chachitatu m'manja, chopinda bwinobwino m'makona anayi, mmene Hellen anaphunzirira kupinda pabenchi ya amayi ake.

*

Panja mphepo inali itayamba kuulutsa mapepala. Kumwamba kunada bii cha ku Kawale. Mayi Zikhale anathamanga mpaka pamsewu, anayang'ana uku ndi uku. Maminibasi, makabaza, anthu othawa mvula. Diresi la chinkhoswe silinaoneke paliponse.

"Anamva zonse," anatero Esnati akuwapeza. "Anandifunsa kuti mayi uja walowa bwanji. Achemwali, sindikanatha kunama."

Foni yawo inalira m'kachikwama ka m'chiuno. Hellen ankadziwa kuti amayi ake zolemba zimawachedwetsa, choncho nthawi zonse ankatumiza mawu. Anadina. Levison anali atatuluka nayenso, ataima pambuyo pawo, ndipo anamva.

Mawu a Hellen anali osalala, opanda misozi, ndipo kusalalako n'kumene kunaopsa.

"Amayi, ndamva kuti msika munapanga inu. Mwagulitsa bwino. Ine ndinaima kuseri kuja nditafunda, ndikutuluka thukuta, ndikudikira mawu awiri. Ndamva ndakatulo yonse. Ndi yokoma. Mumuuze Levi kuti nanenso lero sindikuona chifukwa chofikira mawa. Tione ngati athamange."

Mayi Zikhale anaimba. Sinayankhidwe. Anaimbanso. Inadulidwa.

Mwana wawo ankamudziwa: ankadziwa kulasa ndi mawu ngati mayi ake. Mwina kunali kulasa chabe. Koma ankadziwanso mmene munthu amayankhulira akatembenukira kukhoma, chifukwa khomalo analiyang'anapo okha. Ndipo pa mawu amenewa sanathe kusiyanitsa.

"Ndikamufuna," anatero Levison, n'kuyamba kuthamanga.

"Levison."

Anali Lizzie, ataima pakhomo la holo, chitenje chobiriwira chili m'mapewa. Anangotchula dzinalo. Ndipo Levison, ali pakati pa khomo ndi msewu, anaima. Sanabwerere, sanapitirire. Anangoima, mutu ukutembenukira uku ndi uku, malaya osayeza aja akukupizidwa ndi mphepo.

Mayi Zikhale sanamutukwane. Nthawi yotukwana inali itatha. Anamufulatira, anagwira foni ndi manja awiri, anadina kachizindikiro kojambulira mawu. Moyo wawo wonse anali munthu wa pakamwa. Ankadziwa mawu otsitsira mtengo, okwezera mtengo, othamangitsira wakuba, ochititsira manyazi wangongole. Anafufuza m'mutu monse, ndipo mwa mawu onsewo munalibe ngakhale amodzi oitanira mwana kuti abwerere. Amene anapezamo sanali awo. Anali a munthu wogulitsa malovu uja waima ngati chitsa kumbuyo kwawo.

"Hellen," anatero. "Hellen, mwana wanga. Usa... Zovala zako zija zili pachingwe. Kumwamba kwada. Palibe munthu kunyumba. Kaanule kaye, wamva? Zinazo tikambirana. Kaanule zovala kaye."

Anachotsa chala. Kuwerenga sankatha bwino, koma timizere tosonyeza kuti uthenga wafika ankatidziwa. Kanabwera kamodzi. Tinakhala tiwiri. Dontho loyamba la mvula linagwera pagalasi la foni, analipukuta ndi chala chachikulu, ndipo pansi pa chalacho timizere tinasanduka tabuluu.

Wamva.

Anadikira, iwo amene kudikira sankakudziwa, mvula ikuyamba kuwomba malata a Old Town yonse. Yankho silinabwere.